Maganizo akamukulira munthu apite kuti? Chipatala, aphungu, abusa, asing'anga ndi foni

Nkhani ya matenda a maganizo ikangoyambika, yankho limabwera mwachangu kwambiri. Wina amati apite kuchipatala, wina amati akapempheredwe, basi nkhani yatha. Koma anthu okhala mdziko muno si ofanana. Mayi wa ku Nsanje amene nyumba yake inapita ndi madzi a Freddy mu 2023 ndipo zakukhosi amazinena bwino mchisena, mnyamata wa ku Congo amene ali ku kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka ndipo Chichewa amangodziwa cha pamsika, mtsikana wachialubino amene amaopa kutuluka kukada, munthu wosamva amene amayankhula ndi manja, agogo amene mudzi onse ukuwanena kuti ndi mfiti, onsewa akhoza kumva zofanana, tulo osabwera, mtima kuthamanga, chakudya osalowa, misozi kumangotsika, koma njira imene ingathandize wina ikhoza kumupweteka mnzakeyo. Nde ndati tiziyerekeze njirazi, osangoona kuti iyi ndi yaulere iyi ndi yolipira, koma tifunsenso kuti munthuyu akafika kumeneko amumva mchiyankhulo chake? Nanga chinsinsi chake chisungidwa?

Pali pena pomwe palibe zoyerekeza. Ngati munthu akunena zodzipha, kapena wasunga kale chingwe olo mankhwala a mmunda, ngati akumva mawu amene ena sakuwamva, sanagone masiku angapo akungoyankhula osalekeza, wasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, kapena ndi mayi wangobereka kumene nde wayamba kukana mwana kapena kuona zinthu zachilendo, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, asasiyidwe yekha, ndipo zoopsa zonse zichotsedwe mnyumba. Chifukwa chake nchakuti zina zimene timazitcha misala si misala ayi. Malungo akakwera kumutu, matenda oumitsa khosi, shuga akatsika kwambiri, HIV ikafika ku ubongo, ngakhale munthu womwa kachasu tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi, zonsezi zimamusokoneza munthu mpaka kuoneka ngati wapenga, ndipo zimapha msanga pamene zikanachizika. Pemphero limutsatire kuchipatala konko, palibe nesi angakuletseni kupemphera pambali pa bedi.

Chipatala cha boma ubwino wake oyamba ndi oti ndi chaulere, ndipo sikuti mpaka ukafike ku Zomba Mental. Anthu ambiri akamva za matenda a maganizo amangoganiza za ku Zomba, poti ndiye chipatala chachikulu cha boma cha matendawa ndipo dzina lake linasanduka chotukwanira, koma zoona zake nzoti kumeneko kumapita amene atumizidwa matenda atakula. Poyambira ndi pa health centre kapena pa chipatala cha pa boma, pomwe pamakhala anamwino ndi ma clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo. Madokotala akuluakulu a matendawa ndi ochepa zedi mdziko la anthu opitilira 20 miliyoni, nde musadabwe ngati simunakumane naye, amene anyamula ntchitoyi ndi manesi.

Kumeneko chimene mungapeze kwambiri ndi mankhwala, ndipo mankhwalawa amagwira koma pali zina zofunika kuzidziwa zimene pamzere wautali sakhala ndi nthawi yokufotokozerani. A kukhumudwa monga amitriptyline ndi fluoxetine sagwira ngati panado, pamadutsa masabata awiri kapena anayi pena kuposa apo musanamve kusintha, ndipo ambiri amasiya sabata yoyamba kuti aaa sakuthandiza. Mukayamba kupeza bwino mumapitilizabe miyezi yosachepera 6, osasiya nokha. Amitriptyline amagonetsa komanso amaumitsa mkamwa, ndipo ndi oopsa akamwedwa ambiri nthawi imodzi, nde ngati wodwalayo anayamba waganizapo zodzipha bola asunge mbale wake nkumamupatsa a tsiku limenelo. A matenda aakulu monga haloperidol ndi chlorpromazine pena amaumitsa thupi, manja kunjenjemera, dovu kumatuluka, achibale akaona zimenezi amati mankhwala amuonjezera misala nkuwataya, chonsecho kungobwerera kuchipatala amachepetsa mulingo kapena kuonjezera ena oletsa zimenezo. Kwa ovutika kumwa mapilitsi a matenda aakuluwa tsiku lililonse kuli jakisoni wa pamwezi, funsani. Ndipo apa ndi pamene kusiyana kwa anthu kumaonekera. Chlorpromazine amapangitsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, nde kwa munthu wachialubino imeneyo si nkhani yaying'ono, akambirane ndi adokotala ngati pali ena. Carbamazepine, mankhwala a khunyu ndi matenda ena a maganizo, amafooketsa ma ARV ena, nde amene ali pa ma ARV anene, olo achite manyazi bwanji.

Kuipa kwa chipatala tonse tikukudziwa. Mzere, mphindi zochepa ndi dokotala, pena mankhwala kulibe akuuzeni mukagule ku famase, thiransipoti ya mwezi ndi mwezi kwa munthu wa ku Chitipa mkati kapena kutsidya kwa Shire. Komanso kuchipatala amachiza zizindikiro koma sangakubwezere munda umene unakokoloka. Ndipo kwa zaka zambirimbiri lamulo loyendetsera nkhanizi linali la 1948, la atsamunda, lomuona wodwala ngati munthu wofunika kutsekeredwa, nde mantha amene anthu ali nawo sanachokere kumwamba.

Tsopano uphungu weniweni, uja wokhala pansi ndi munthu amene anauphunzira, iye nkumamvetsera inu mukuyankhula. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God, a Chikatolika, amene ntchito yawo yaikulu ndi imeneyi, amathandiza odwala maganizo, ovutika ndi mowa ndi chamba, komanso ali ndi koleji yophunzitsa aphungu. Poti si chipatala cha boma funsani kaye za ndalama musananyamuke. Mmatauni mulinso ma psychologist ndi aphungu oyima paokha, ena amakumana nanu pa WhatsApp. Kwa munthu wa nkhawa, wachisoni chosatha, kapena amene anaona zoopsa ndipo zimangomubwerera mmaso, ine ndimaona kuti njira iyi ndi imene imafika pa muzu, poti amakuphunzitsa mmene ungagwirire maganizo ako osati kungowagonetsa. Koma tisanamizane, ndi ya anthu a mtauni a ndalama, ndipo kawirikawiri imachitika mchizungu kapena Chichewa cha mtauni. Komanso masiku ano aliyense akutha kudzilemba kuti counsellor pa Facebook, nde funsani kuti anaphunzira kuti, ndipo akakhala amene akukuuzani zochita mphindi zisanu zoyambirira asanamve nkhani yonse, fufuzani wina.

Nkhani ya chiyankhuloyi ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri osowa owayankhulira amagwera. Tenga Dzaleka ku Dowa. Malowa anali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, anasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994, anakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 kapena kuposa pang'ono koma pano muli opitilira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, enanso ku Somalia ndi Ethiopia. Ambiri anaona nkhondo ndi maso awo, amayi ena anagwiriridwa, ndipo mu 2023 amene ankachita ma bizinesi mmatauni anabwezedwa ku kampu mokakamizidwa, kutaya zonse kachiwiri. Munthu wotereyu ukamutengera kwa phungu wodziwa ntchito koma wosamva Chiswahili, Kirundi kapena Kinyarwanda, pamafunika womasulira, nde womasulirayo ndi ndani? Nthawi zambiri ndi wa mkampu momwemo, mwina neba, mwina wa mtundu umene kwawo ankamenyana nawo, pena ndi mwana wake wa mayiyo poti ndi amene anaphunzira Chichewa kusukulu. Mayi angafotokoze bwanji za kugwiriridwa kudzera pakamwa pa mwana wake wa zaka 12? Amangoti mutu ukupweteka, amupatsa panado, nkubwerera. Ndiye chifukwa chake kwa anthu a ku Dzaleka ndimaona kuti chanzeru nkuyambira kwa mabungwe amene ali mkati momwemo monga a Jesuit Refugee Service amene amapereka uphungu ndipo amagwira ntchito ndi othawa kwawo anzawo, ndipo pakafunika womasulira munthu ali ndi ufulu okana uyu nkupempha wina, wamkazi kwa mkazi, wosakhala wachibale.

Kwa osamva nkhani ndi yomweyo, mwinanso kuposa. Ogwira ntchito mzipatala odziwa chiyankhulo cha manja ndi osowa, nde mbale amene wamuperekeza ndi amene amayankha mafunso onse, ndipo ngati womuzunzayo ndi mbale yemweyo zonse zathera pomwepo. Bungwe la MANAD ndi limene limayimira osamva mdziko muno, bola kuyambira kumeneko kufunsa za womasulira wodziwa kusunga chinsinsi, ndipo amene amatha kulemba apemphe kuti alembe yekha papepala kapena pafoni mbale uja atatuluka panja. Olo kwa Amalawi akumva bwinobwino, agogo achiyawo a ku Makanjira kapena achinkhonde a ku Karonga akhoza kupereka moni mChichewa koma zowawa za mumtima zimatuluka mchiyankhulo chimene anayamwa.

Apa ndi pamene njira ya aphungu a mmudzi ndi magulu a anthu a vuto lofanana imapambana zinazo. Ku Zimbabwe dokotala wina Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare mu Harare, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera anthu, kuwathandiza kusanja mavuto awo, kusankha limodzi loti ayambe nalo, nkupeza chochita sabata imeneyo, kukumana kokwana 6 basi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti amene anakhala pa benchi anapeza bwino kwambiri kuposa amene anangolandira chithandizo cha nthawi zonse, ndipo kuno kwathu njirayi yayesedwanso mzipatala zina, makamaka kwa anthu a pa ma ARV ku Lilongwe. Chimene chimandisangalatsa nchakuti agogowo samupangira munthu chisankho, amamufunsa mafunso mpaka iye mwini aone poyambira, ndipo zonse zikuchitika mchiyankhulo cha pakhomo. Magulu nawo ali choncho, ma Teen Club a achinyamata omwe ali ndi HIV amene a chipatala cha ana cha Baylor anafalitsa mzipatala zambiri, APAM kwa anthu achialubino, MeHUCA kwa odwala maganizo ndi owasamalira. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 pamene kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino kunachuluka, mpaka manda kufukulidwa, ambiri akukhala ndi mantha amene munthu wa khungu lakuda sangawamvetse mokwanira olo ataphunzira bwanji, ndipo mantha amenewo si matenda chabe, choopsacho chilipodi. Mnzake wa mu APAM sangamuuze kuti ukungoganiza. Malire a njirayi ndi awiri, chinsinsi chimatha kutuluka poti nonse ndi a dera limodzi, komanso matenda aakulu aja a kumva mawu sangathe ndi benchi.

Foni ndi yachangu ndipo sakuona nkhope, kwa wamanyazi ndi poyambira pabwino. A YONECO a ku Zomba ali ndi manambala aulere, 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo Chipatala Cha Pa Foni pa 54747, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chimathandiza pa nkhani za umoyo ndi kukuuza koyenera kupita. Amuna makamaka, amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira ndipo malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ndi amene akudzipha kwambiri, kawirikawiri pa nkhani za ngongole ndi banja, mwina kuyankhula ndi munthu wosamudziwa usiku katapila atakuthina nkosavuta kusiyana ndi kukaima pamzere. Koma foni ndi ya amene ali nayo. Mayi amene foni ndi ya amuna ake omwe akumumenyawo aimba bwanji? Wosamva sangaimbe, netiweki kumudzi imavuta, ndipo pafoni sangakuyeze malungo. Abale athu a ku Joni amene alibe mapepala ndipo amaopa chipatala poganiza za Lindela komwe amasunga anthu oti abwezedwe kwawo, ku Joni konko kuli bungwe la za matenda a maganizo la SADAG pa 0800 567 567, yaulere, ngakhale Chichewa musachiyembekezere.

Tibwere ku tchalitchi ndi ku mzikiti, poti kunena zoona ambiri amayambira kumeneko ndipo sindikuona chifukwa chowanyozera. Abusa, ansembe, mashehe, amayi a mvano, a mu mphakati, amayi a dawa, ali pafupi, salipiritsa, amakudziwa dzina, amabwera ndi ufa ukaferedwa ndipo amakhala nawe usiku onse. Chisoni cha maliro, kusungulumwa kwa mayi wamasiye, kusowa chiyembekezo, izi gulu la mpingo limazinyamula bwino kuposa piritsi. Atsogoleri ambiri ozindikira amapemphera nawe kenako nkukuuza kuti mawa upite kuchipatala, ena amakuperekeza okha, amenewo ndi ofunika kuwagwiritsitsa. Koma ndili ndi zinthu zitatu zimene zikangochitika ndimati chokaniko. Akakuuzani kuti siyani mankhwala poti mwachira mwa chikhulupiriro, akamanga wodwala ndi zingwe kapena unyolo nkumusalitsa kudya kuti chiwanda chituluke, ndiponso akamuimika kutsogolo kuti aulule zonse kamera ikujambula live. Munthu wa khunyu akasiya mankhwala mwadzidzidzi akhoza kugwa kosalekeza mpaka kufa, imeneyo si nkhani yotsutsana za chikhulupiriro. Ndipo pali ena amene kutchalitchi ndi kumene bala lawo linachokera, mtsikana woyendayenda, mnyamata amene amakonda amuna anzake, mayi amene anachotsa mimba, munthu wotuluka ku ndende. Kaya inu mumaziona bwanji nkhanizi, munthu amene akuganiza zodzipha akufunika womumvera osati womuweruza, nde kwa amenewa ine ndingati bola foni, phungu wophunzira amene ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi, kapena mabungwe omenyera ufulu wa anthu osalidwa monga CEDEP amene amagwira nawo ntchito kale.

Za asing'anga anthu ophunzira amathamangira kuzitaya zonse, ine sinditero. Kumpoto kwa Atumbuka, ku Rumphi ndi Mzimba, kuli vimbuza, gule wochiza amene UNESCO inamuzindikira mu 2005. Odwala ambiri amakhala amayi, ng'oma zimalira, mudzi umasonkhana kumuimbira, ndipo mnyimbo ndi mkuvina mayi uja amatulutsa zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi kapena amuna ake tsiku wamba. Munthu amene wakhala zaka osamvedwa, usiku umenewo aliyense akuyang'ana iyeyo ndipo palibe akumutcha wamisala. Sindingauze mayi wa ku Hewe kuti zimenezo nzachabe. Sing'anga amakhalanso ndi nthawi, amamvetsera ola lathunthu, amayankha funso limene chipatala sichiyankha loti bwanji zagwera ine. Koma funso lomwelo ndi pamene pali ngozi, chifukwa yankho limatha kukhala dzina la munthu, ndipo kawirikawiri ndi agogo osauka a kumapeto kwa mudzi. Agogo ambiri amene amanenedwa ufiti ali ndi matenda oiwalaiwala a ukalamba, amasochera usiku, amapezeka pakhomo pa eni osavala bwino, akafunsidwa amavomera zilizonse, mapeto ake kumenyedwa, nyumba kuotchedwa, ena kuphedwa. Lamulo la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo a MANEPO, oimira anthu okalamba, akhala akulira za nkhanzazi. Nde pamenepa wodwala mmodzi amasanduka awiri. Onjezani ndalama, mbuzi, nkhuku, ndi miyezi imene imatayika matenda akukula, komanso zitsamba zosadziwika mulingo pamwamba pa mankhwala a kuchipatala. Kwa munthu wachialubino njirayi sindingamulimbikitse nkomwe, poti mabodza onena za mafupa awo amayendera kumeneko. Ngati banja lasankha kupita, wodwala ayambe wayezedwa kuchipatala, mankhwala asasiye, ndipo sing'anga akangoyamba kuloza chala nyamukani.

Achibale, ankhoswe ndi anamkungwi ndi amene amakhalapo nthawi zonse, ndipo palibe chithandizo chimene chimayenda popanda wina wa pakhomo wokumbutsa mankhwala ndi kuona ngati munthu wadya. Pa kusamvana wamba kwa mbanja ankhoswe abwino amakonza zinthu. Koma mawu awo otchuka ndi oti pirirani, banja ndi kupirira, ndipo kwa mayi amene akumenyedwa kapena mwana amene akugwiriridwa ndi wa mnyumba momwemo mawu amenewo ndi omubweza kumoto. Nkhani zoterezi si za pabwalo la banja, ndi za ku Victim Support Unit ya polisi kapena ku One Stop Centre monga ya pa Queens ku Blantyre, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amapezeka malo amodzi kuti munthu asafotokoze nkhani yake kambirimbiri, ndipo wogwiriridwa afike pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Nde mukandifunsa kuti ndisankhe iti, ine ndingati njirazi zimayenda bwino ziwiri kapena zitatu pamodzi, koma ndondomeko yake ndi yofunika. Thupi liyezedwe kaye kuchipatala, kenako pezani munthu mmodzi womvetsera mchiyankhulo chanu amene sakudziwana ndi wokuzunzaniyo, kaya ndi phungu, kaya wa pa gulu la anzanu, mpingo kapena mwambo zibwere moonjezera bola zisakuletseni mankhwala. Kwa mayi wa ku Nsanje kapena Phalombe amene mvula ikangoyamba kugunda pa malata amanjenjemera, gulu la amayi anzake amene anaona madzi omwewo limodzi ndi nesi wa pa boma zingamuthandize kuposa psychologist wa ku Lilongwe pa video call. Kwa mnyamata wa ku koleji amene wayamba kumva mawu atasuta chamba, ndi chipatala basi, zina pambuyo.

Mukamapita kuchipatala tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ngakhale a zitsamba, muwaonetse. Apite ndi munthu amene waona mmene zinayambira, koma mupemphe kuti wodwalayo apatsidwe mpata oyankhula yekha chitseko chitatsekedwa. Musangonena kuti mutu ukupweteka, nenani kuti sakugona kuyambira mwezi wakuti, wasiya kudya, anatchulapo zofuna kufa. Ndipo musanatuluke funsani tsiku la kiliniki ya matenda a maganizo, komanso ngati manesi amabwera ku health centre ya kufupi ndi kwanu, kuti mwezi wa mawa musadzaonongenso ndalama ya minibasi.